ZA ULIMI NDI ZIWETO: PHINDU LA NKHUKU LIMAYAMBIRA M'MATUMBO

Mwezi wa Novembala ukafika, makola ambiri a kuseri kwa nyumba ku Kaunda Square Stage 1 ndi Stage 2 amadzala ndi anapiye. Cifukwa cake ncodziwika. Nkhuku ya nyama, imene ambiri amaicha broila, imakhwima m'masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, motero woweta amene afuna kugulitsa pa Khirisimasi ndi pa Caka Catsopano ayenera kulowetsa anapiye ake capakati pa mweziwu. Zotere zimacitikanso ku Chelstone, ku Kabwata ndi ku Woodlands, kumene aphunzitsi, anamwino, amayi a pakhomo ndi anthu opuma pa nchito amaweta nkhuku 50, 100 kapena 200 kuti apezepo ndalama za sukulu za ana m'mwezi wa Januwale.

Koma akulu anati walira mvula walira matope. Mwezi womwewo wa msika wabwino ndi umenenso mvula yoyamba imagwa m'Lusaka, ndipo kutentha kukakumana ndi cinyezi m'khola lothina, matenda a m'matumbo amabuka. Woweta akaona zitosi za madzi kapena za magazi amathamangira ku sitolo ya mankhwala a ziweto, kumene amapeza mapaketi ndi mabotolo a mitundumitundu, ena olonjeza kukulitsa nkhuku msanga, ena olonjeza kucotsa matenda onse. Amene sadziwa nchito ya ciri conse ca zimenezi amataya ndalama pawiri: kugula cosafunika, ndiponso kutaya nkhuku zimene akanapulumutsa.

NKHUKU YA MASIKU ANO

Broila ya lero siyofanana ndi ya m'masiku a ufulu wa dziko lino. Akatswiri a pa University of Alberta ku Canada anaweta pamodzi mitundu itatu ya nkhuku za nyama, wa m'caka ca 1957, wa 1978 ndi wa 2005, naidyetsa cakudya cimodzimodzi. M'lipoti lao la 2014 anaonetsa kuti patapita masiku 56 nkhuku ya 1957 inalemera magalamu 905, ya 1978 magalamu 1,808, pamene ya 2005 inafika magalamu 4,202. Kukula kotereku kunadza cifukwa ca kusankha mbeu kwa zaka zambiri, ndipo nchito yonse yosandutsa cimanga ndi soya kukhala mnofu yagona pa matumbo a mbalameyo.

Cakudya cikacoka m'cithokomiro ndi m'nthutumba cimalowa m'matumbo aang'ono, amene mkati mwake muli timinofu tambirimbiri toimirira ngati ubweya wa thaulo. Timinofuti ndi timene timayamwa cakudya ndi kucilowetsa m'magazi. Tikakhala tatitali ndi tathanzi, nkhuku imapindula ndi ciri conse cimene yadya. Tikaperepeseka ndi matenda, cakudya cimangodutsa ndi kutuluka m'zitosi cisanagwire nchito.

Masamu ake ndi osavuta. Nkhuku 100 zolemera makilogalamu awiri iri yonse, ngati pa kilogalamu imodzi ya kulemera kwake zidya makilogalamu 1.7, zidzatha makilogalamu 340 a cakudya. Matumbo akadwala pang'ono, kotero kuti pafunika makilogalamu awiri athunthu pa kilogalamu imodzi, nkhuku zomwezo zidzatha makilogalamu 400. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 60, ndiko kuti thumba lathunthu la makilogalamu 50 ndi kena pamwamba, ngakhale pasanafe nkhuku ndi imodzi yomwe. Popeza cakudya cimatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama zonse zowetera mabroila, kutaika kosaoneka kumeneku ndiko kumadya phindu la oweta ambiri.

ADANI A M'MATUMBO

Mdani woyamba ndi nthenda ya coccidiosis. Imayambitsidwa ndi tizirombo tosaoneka ndi maso ta mtundu wa Eimeria, timene timaberekana m'khungu la mkati mwa matumbo ndi kuling'amba. Mazira ake amatuluka m'zitosi, ndipo akagwera pa utuci wofunda ndi wonyowa amakhwima m'tsiku limodzi kapena awiri, kuyembekeza nkhuku ina yojompha pansi. Mtundu wa Eimeria tenella ndi umene umacititsa zitosi za magazi. Mitundu ina sionetsa magazi konse, koma nkhuku zimanyentchera, nthenga zimanyankhalala, ndipo kukula kumaima. Nthendayi imaoneka kawirikawiri kuyambira sabata lacitatu.

Mdani waciwiri amatsata m'mapazi a woyamba. Kacirombo ka Clostridium perfringens kamakhala m'matumbo a nkhuku zathanzi popanda vuto, koma kakapeza zilonda zosiyidwa ndi coccidiosis kamaswana koposa ndi kutulutsa ululu umene umaoletsa matumbo. Nthenda imeneyi, imene madokotala a ziweto amaicha necrotic enteritis, imapha nkhuku zonenepa mwadzidzidzi, ndipo woweta amangopeza mitembo m'mawa.

Mdani wacitatu ali m'thumba la cakudya lenilenilo. Cimanga, nshawa ndi gaga zikasungidwa ponyowa zimacita cuku, ndipo cuku cina cimapanga ululu wa aflatoxin. Ululuwu unadziwika m'caka ca 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca nshawa zocokera ku Brazil. Kuno kwathu nkhaniyi inamveka kwambiri m'mwezi wa Ogasiti 2024, pamene Nduna ya Zaumoyo ya nthawi imeneyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 akuganiziridwa kuti anafa cifukwa ca cimanga coipitsidwa ndi aflatoxin. Mu nkhuku ululuwu umaononga ciwindi, umacedwetsa kukula, ndipo umafooketsa mphamvu ya thupi yolimbana ndi matenda ena.

MANKHWALA AMENE ANASANDUKA CIZOLOWEZI

Polimbana ndi adani amenewa, oweta ambiri ali ndi cizolowezi cimodzi: kuthira mankhwala opha mabakiteriya, ochedwa maantibayotiki, m'madzi a anapiye kuyambira tsiku loyamba, nkhuku zisanadwale nkomwe. Cizolowezici ciri ndi mbiri yake. M'caka ca 1950 akatswiri awiri a ku America, Thomas Jukes ndi Robert Stokstad, analengeza kuti anapiye odyetsedwa zotsalira popanga mankhwala a Aureomycin anali kukula msanga kuposa anzao. Pasanapite zaka zambiri, kuthira maantibayotiki pang'onopang'ono m'cakudya ca ziweto kunafala m'maiko ambiri.

Cenjezo silinacedwe. Ku Britain komiti yotsogozedwa ndi Michael Swann inanena m'caka ca 1969 kuti mcitidwewu ukubala mabakiteriya osamva mankhwala, amene angathe kucoka ku ziweto ndi kulowa mwa anthu. Dziko la Sweden linaletsa kugwiritsa nchito maantibayotiki pokulitsa ziweto m'caka ca 1986, ndipo maiko onse a bungwe la European Union anatero kuyambira pa 1 Januwale 2006. M'caka ca 2015 ku China kunapezeka mabakiteriya okhoza kupatsirana mphamvu yokana colistin, amene ndi mankhwala amene madokotala amasungira odwala oti ena onse alephera. M'caka ca 2017 bungwe la World Health Organization linalangiza maiko onse kuleka kupatsa maantibayotiki ziweto zosadwala. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet m'caka ca 2022 anawerengera kuti anthu 1.27 miliyoni anafa pa dziko lonse m'caka ca 2019 cifukwa ca mabakiteriya osamva mankhwala.

Vutoli siliri la kunja kokha ai. Akatswiri a sukulu ya madokotala a ziweto pa University of Zambia anafalitsa lipoti m'caka ca 2016 loonetsa kuti mwa nkhuku 384 zokonzekera kugulitsidwa zimene anapima, 77, ndiko kuti imodzi mwa zisanu ziri zonse, zinali ndi mabakiteriya a E. coli okhoza kugonjetsa gulu lofunika la mankhwala a m'zipatala. Ku Kaunda Square khola limakhala mapazi owerengeka kucokera pa khomo la khichini, ana amasewera pabwalo lomwelo, manyowa amathiridwa m'dimba la repu, ndipo nkhuku imaphedwera pa mpopi umene banja limatsukira mbale. Kacirombo kamene kaphunzira kukana mankhwala m'khola sikasowa njira yofikira m'nyumba.

Ndi cifukwa cake Boma linakhazikitsa dongosolo la zaka khumi, kuyambira 2017 kufika 2027, lolimbana ndi vuto la tizirombo tosamva mankhwala mwa anthu ndi ziweto zomwe. Ndiponso lamulo la Medicines and Allied Substances Act la 2013 linapatsa bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority mphamvu yoyang'anira mankhwala, kuphatikizapo a ziweto, ndi masitolo owagulitsa. Palibe amene akuletsa kuciza nkhuku yodwaladi. Cimene cikuletsedwa ndi kusandutsa mankhwala ocizira kukhala ndiwo ya tsiku ndi tsiku.

ZOSAKANIZA ZINA NDI NCHITO ZAKE

Maiko amene analeka maantibayotiki okulitsa sanaleke kuweta mabroila. Anatembenukira ku ukhondo wa m'makola ndi ku zosakaniza zina za m'cakudya, zimene zambiri zikupezeka tsopano m'Lusaka. Woweta ayenera kudziwa nchito ya ciri conse.

Zoyamba ndi zoletsa coccidiosis, monga monensin, salinomycin ndi narasin. Izi zimacepetsa kuberekana kwa Eimeria, ndipo sizigwiritsidwa nchito pociza anthu. Makampani opanga cakudya ca nkhuku amazithira kale m'matumba ambiri a starter ndi grower, ndipo cikalata cosokerera pa thumba cimanena ngati zirimo. Muyeso wake ndi wocepa kwambiri, kotero kuti kuonjezera zina kunyumba kungathe kupuwalitsa kapena kupha nkhuku. Cakudya cotere ndi coopsanso kwa agalu ndi akavalo.

Zaciwiri ndi maprobayotiki, amene ndi mabakiteriya amoyo a mtundu wabwino. M'cilengedwe mwanapiye amalandira mabakiteriya otere pojompha pamene mai ake apalasa, koma mwanapiye woswedwa ndi makina saonana ndi thadzi konse, ndipo matumbo ake amakhala ngati munda wolimidwa umene sunabzalidwe: cimene cayamba kugwamo ndico cimamera. M'caka ca 1973 Esko Nurmi ndi mnzake ku Finland anaonetsa kuti anapiye opatsidwa mabakiteriya a m'matumbo a nkhuku zazikulu zathanzi sagwidwa msanga ndi Salmonella. Maprobayotiki a masiku ano, monga a mtundu wa Bacillus ndi Lactobacillus, amatsata nzeru yomweyo. Amathandiza kwambiri m'masiku oyamba a anapiye ndiponso nkhuku zikangomaliza kulandira mankhwala.

Zacitatu ndi zakudya za mabakiteriya abwinowo, zochedwa maprebayotiki, zimene zambiri zimacokera ku makoko a yisiti. Zina mwa izo zimakola mabakiteriya oipa kuti asamamatire ku khungu la matumbo. Zacinai ndi maasidi ofatsa, monga formic, propionic ndi butyric, amene amaonjezera kuwawasa m'madzi kapena m'cakudya kuti mabakiteriya oipa asaswane. Butyric amadyetsanso khungu la matumbo lenilenilo. Zacisanu ndi maenzaimu, othandiza kugaya. Wodziwika kwambiri ndi phytase, amene amamasula fosiforasi womangika m'cimanga ndi m'soya kuti mafupa a nkhuku alimbe. Zacisanu ndi cimodzi ndi zokola ululu wa cuku, zimene zambiri ndi dothi la mtundu wa bentonite. Dothili limagwira bwino aflatoxin m'matumbo, koma siligwira ululu wa mitundu yonse, ndipo silingasandutse gaga woola kukhala cakudya cabwino.

Pomaliza pali zocokera ku zomera, monga mafuta a oregano ndi thyme, adyo, ndi masamba a moringa. Mayeso ambiri acitika pa zimenezi, ena naonetsa phindu, ena osaonetsa kanthu, pakuti mphamvu ya comera imasiyana malinga ndi kumene camera ndi momwe cakonzedwera. Woweta angathe kuziyesa ngati cothandizira, koma khola limene mwayamba zitosi za magazi lifuna mankhwala enieni a coccidiosis, monga amprolium kapena toltrazuril, ndi uphungu wa dokotala wa ziweto.

Mfundo yaikulu pa zonsezi ndi yakuti palibe ngakhale cimodzi cimene cimapha tizirombo ta citopa, cimene ena amati cideru, kapena ta Gumboro. Matenda awiriwa ndi a mavairasi, ndipo cochinjiriza cake ndi katemera yekha, woperekedwa pa masiku amene ogulitsa anapiye analemba. Gumboro imaononga ciwalo cimene cimapanga citetezo ca thupi mwa anapiye, motero nkhuku zopulumuka zimakhala zosavuta kugwidwa ndi matenda a m'matumbo.

KUSAKANIZA KOSAYENERA

Ndalama zambiri zimataika cifukwa cothira zinthu zabwino pa nthawi yolakwika. Kuthira probayotiki ndi antibayotiki m'comwera cimodzi kuli ngati kubzala mbeu ndi kuithira madzi otentha, pakuti antibayotiki sasankha bakiteriya woipa kapena wabwino. Madzi a pa mpopi okhala ndi klorini amafooketsa katemera wamoyo ndi maprobayotiki ena, motero pa tsiku la katemera pafunika madzi opanda klorini, ndipo katemerayo amwedwe m'maora awiri. Amprolium amagwira nchito pomana tizirombo vitamini B1. Woweta amene athira mavitamini a gulu la B pamodzi ndi mankhwalawa akudyetsa mdani amene afuna kumupha ndi njala. Mavitamini ayenera kudza pambuyo pake. Nawo mankhwala a tiamulin, amene ena amapatsa nkhuku za cifuwa, amasanduka ululu akakumana ndi monensin, salinomycin kapena narasin wa m'cakudya.

Cizolowezi cina coononga ndico kusungunula cakudya ca ku fakitale ndi gaga pofuna kuti thumba likhalitse. Pocita zimenezi woweta amacepetsa zomanga thupi, mavitamini, maenzaimu ndi zoletsa coccidiosis zonse pamodzi. Nkhuku zimadya zambiri, zimakula mocedwa, ndipo citetezo cimene analipira pogula thumba cimatha mphamvu.

Ndiponso pa paketi iri yonse ya mankhwala pamalembedwa masiku oyenera kupita kucokera pa tsiku lomaliza kumwetsa kufikira tsiku lopha. Kugulitsa nkhuku masiku amenewa asanathe ndi kudyetsa wogula mankhwala amene sanapemphe. Ogula a woweta wa ku Kaunda Square si alendo ai. Ndi anansi, anzake a ku chalichi ndi a ku nchito, ndiponso ana ake omwe.

KHOLA NDILO MANKHWALA OYAMBA

Zosakaniza zonse zimene zachulidwazi zimangothandizira nkhuku imene ikusamalidwa kale. Utuci kapena zopala za matabwa zikhale zokuya masentimita 5 kufika 10, ndipo zikhale zouma. Poyesa, woweta afumbate utuci m'dzanja: ukamwazika potambasula dzanja uli bwino, ukaumbika ngati nsima wanyowa ndipo ucotsedwe, makamaka pozungulira zomwera. Zomwera zikwezedwe pamene nkhuku zikukula kuti zifanane ndi msana wake, ndipo zitsukidwe tsiku ndi tsiku. Denga lodontha likonzedwe mvula isanayambe, ndipo makatani a m'mbali asatsekedwe kotheratu, pakuti mphepo ndiyo imaumitsa khola. Munthu akalowa m'khola maso nayamba kuwawa ndi fungo la zitosi, adziwe kuti nkhuku zakhala zikuvutika kwa masiku.

Pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pasapitirire nkhuku zazikulu khumi. Ciyeso ca nyengo ya Khirisimasi ndico kupanikiza nkhuku 150 m'khola loyenera 100, ndipo mathero ake ndi utuci wonyowa, matenda, ndi nkhuku zopepuka. Anapiye a tsiku limodzi afuna kufunda kwa madigiri 32 kapena 33, kaya ndi magetsi kaya ndi mbaula ya makala, ndipo apeze cakudya ndi madzi pafupi akangofika. Patapita maora 24 woweta agwire zithokomiro za anapiye angapo. Pafupifupi zonse ziyenera kukhala zodzala ndi zofewa, cifukwa kudya msanga ndiko kumakulitsa timinofu ta m'matumbo tija.

Matumba a cakudya asanjikidwe pa matabwa, kutali ndi cipupa ndi makoswe, ndipo asagulidwe oculuka oti nkukhala miyezi. Gulu limodzi likagulitsidwa, manyowa onse acotsedwe, khola litsukidwe ndi kuthiridwa mankhwala, kenaka likhale lopanda nkhuku kwa masabata awiri. Ogula asalowe m'khola kukasankha okha, pakuti nsapato zimene zaponda pa msika wa nkhuku ku Soweto zimanyamula matenda a makola ambiri. Nkhuku za cikaya nazo zisayandikire mabroila.

KUMENE KULI THANDIZO

Oweta a kum'mawa kwa Lusaka ali ndi mwai umene alimi a kumidzi alibe. Sukulu ya madokotala a ziweto ya University of Zambia iri pa mseu wa Great East, mtunda wocepa kucokera ku Kaunda Square, ndipo pa mseu womwewo ca ku Chelstone pali Natural Resources Development College, imene yaphunzitsa alangizi a zaulimi kuyambira zaka za m'ma 1960. Ku Showgrounds kuli Livestock Services Co-operative Society, yogulitsa katemera ndi zofunika zina za ziweto. Bungwe la Poultry Association of Zambia limaimira oweta nkhuku aakulu ndi aang'ono, ndipo maofesi a Boma oona za ziweto ali m'boma liri lonse.

Nkhuku zikayamba kufa, cinthu ca nzeru ndi kutenga imodzi kapena ziwiri zongofa kumene, kapena zodwala kwambiri, ndi kupita nazo kwa dokotala wa ziweto kuti akazing'ambe. Matumbo amaulula msanga ngati vuto ndi coccidiosis, kuola kwa matumbo kapena cina, ndipo mankhwala ogulidwa pambuyo pa kupima amakhala amodzi, oyenera. Woweta anyamulenso cikalata ca pa thumba la cakudya ndi buku lolembamo tsiku limene anapiye anafika, akatemera amene analandira, cakudya cimene adya ndi ciwerengero ca akufa. Safunsa anadya phula.

Woweta amene akonzekera msika wa Disembala ayambe ndi denga, utuci wouma, madzi oyera ndi katemera. Awerenge cimene ciri kale m'thumba asanagule coonjezera. Probayotiki aikidwe m'sabata loyamba, antibayotiki asungidwire nkhuku imene dokotala waipeza ndi nthenda yofuna mankhwalawo, ndipo masiku oyembekeza asanaphe asungidwe mokhulupirika. Akatero ndalama za sukulu zidzapezeka mu Januwale, ndipo anansi amene adya nkhuku yake pa Khirisimasi adzabweranso kudzagula pa Pasaka.